ZA M'BANJA MWATHU: Nkhokwe Imene Moto Suitentha

Mwezi uno tifuna kucheza ndi amai makamaka. Koma abambo asachoke pa mphasa, pakuti nkhaniyi iwakhudza iwonso.

Alipo mau amene timawamva kawiri kawiri pa chitsime, pa thandala la usipa ndi pa khomo la chalichi. Mai akauzidwa za kuphunzira ayankha kuti: "Ine sukulu inandipitirira kale. Ndiri ndi ana anai, mutu unauma, ndikaphunzirenso chiani?" Ndipo anzache abvomereza, nati wanena zoona. Ife titi mau amenewa si oona ai, ndipo asunga mabanja ambiri m'umphawi. Sitifuna kuwatsutsa ndi pakamwa pokha. Tifuna kukuuzani mbiri ya mai mmodzi wa kuno kwathu, amene akuru ambiri anawaona ndi maso ao, ndiwo Mai Catherine Chipembere a ku Malindi. Kuchokera ku Lungwena kunka ku Malindi si ulendo. Wa njinga anyamuka m'mawa nabwerako tsiku lomwelo. Chifukwa chache nkhani iyi siiri ya kutali.

Mkazi wa mkaidi

Mai Chipembere anakwatiwa ndi Henry Masauko Chipembere, mwana wa Bambo Habil Chipembere, wansembe wa mpingo wa Anglican amene anatumikira ku Malindi. Mwamuna wao anali mmodzi wa anyamata ophunzira kwambiri a masiku aja. Anaphunzira ku Fort Hare m'dziko la South Africa, ndipo m'chaka cha 1956 anasankhidwa kulowa m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba pamodzi ndi Kanyama Chiume. Anali mwa iwo amene anaumiriza Dr Banda kuti abwere kwao kudzatsogolera mtundu. Ukwati wotere anthu amauyesa mwai waukuru, namati mkaziyo sadzagwiranso khasu.

Koma pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Armitage analengeza kuti dziko liri pa ngozi, ndipo atsogoleri a Congress anagwidwa. A Chipembere anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene lero timati Gweru m'dziko la Zimbabwe. Anatuluka mu September 1960. Koma itapita miyezi yowerengeka anazengedwa mlandu kaamba ka mau amene analankhula pa misonkhano, nalowanso m'ndende kuchiyambi kwa 1961, osatuluka kufikira January 1963. Werengani bwino: pa zaka zinai zimenezo mwamuna anagona pakhomo pache miyezi yochepa chabe.

Imeneyo inali sukulu yoyamba ya Mai Chipembere, yopanda bolodi ndi choko: kusunga banja mwini nyumba kulibe. Amai a kuno aidziwa bwino sukulu imeneyi, pakuti amuna ambiri a m'boma la Mangochi amapita ku Joni kukafuna nchito, ndipo ena atha zaka osaoneka.

Miyezi iwiri ya ulemu

Pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu, a Chipembere ali nduna ya maphunziro. Mkazi wa mkaidi anasanduka mkazi wa nduna. Koma ulemuwo sunakhalitse m'dziko laufululo, pakuti isanathe miyezi iwiri nduna zinayambana ndi Dr Banda. Zifukwa zinali zingapo, ndipo chimodzi mwa izo chinali tiki imene Boma linayamba kulipiritsa odwala m'zipatala zache. Mu September Dr Banda anachotsa nduna zina, ndipo a Chipembere anatula pansi udindo wao kuti akhale pamodzi ndi anzao, nabwerera ku Malindi. Kuchokera kumeneko anakabisala m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, awa timawaona tsiku liri lonse.

Usiku wa pa 12 February 1965 anatsika ndi amuna ngati 200, nalanda boma la Fort Johnston, ndilo Mangochi wa lero, nalunjika ku Zomba. Pofika pa Liwonde anapeza pantoni woolotsa anthu pa Shire ali tsidya lija, ndipo ulendo unathera pomwepo. Za nkhondo imeneyo sitiweruza pa tsamba lino. Chimene tikumbutsa ndi ichi, kuti zowawa zache zinagwera midzi ya mbali ino ya nyanja: asilikari anabwera, anthu anagwidwa, ndi nyumba zinatenthedwa m'midzi ina. Okalamba athu akumbukira, ngakhale ambiri sakonda kunena. Mu April chaka chomwecho a Chipembere anatulutsidwa m'dziko mobisa kunka ku America.

Mai Chipembere nawonso anatuluka m'dziko la makolo ao. Banja linakakhala ku Tanzania, kumene bamboyo anaphunzitsa pa Kivukoni College mu mzinda wa Dar es Salaam, ndipo m'chaka cha 1969 linasamukira ku Los Angeles ku America. Tsono funsani nokha: munthu wothawa kwao anyamula chiani? Munda saunyamula, nyumba sainyamula, nkhokwe saisenza. Ulemu wa mkazi wa nduna unatsala pa malire. Chimene chinaoloka nao ndi ana ao, manja ao, ndi zimene zinali m'mutu mwao.

Mkazi wamasiye pachilendo

Pa 24 September 1975 a Chipembere anamwalira ku Los Angeles ndi nthenda ya shuga, ali ndi zaka 45 zokha. Anasiya mkazi ndi ana asanu ndi awiri.

Kuno kwathu mkazi wamasiye ali ndi pogwira, kungakhale pang'ono. Ali ndi mlongo wache, mwini mbumba. Ali ndi munda wa amai ache. Ali ndi anansi amene abwera ndi ufa m'lichero. Ku Los Angeles kulibe zimenezo. Nyumba ilipiridwa mwezi ndi mwezi, ndiwo zigulidwa, ngakhale madzi ndi moto wophikira zifuna ndarama. Kubwerera kwao sikunali kotheka, pakuti masiku amenewo dzina la Chipembere linali loopsa kulichula m'Malawi.

M'zaka za ku Los Angeles Mai Chipembere anachita zinthu ziwiri zimene tifuna kuti muzisunge mumtima. Anatsegula nyumba yao kuti ikhale malo osungira ana a anthu opita ku nchito, nalandira malipiro pa nchito imeneyo. Ndiponso analowa sukulu yaikuru ya kumeneko, naphunzira za kaleredwe ndi kaphunzitsidwe ka ana ang'ono kufikira atalandira digiri.

Wina adzaseka nadzati: "Kodi mai wobala ana asanu ndi awiri aphunzirenso kulera? Amene amuphunzitsayo ali ndi ana angati?" Funso ili liri ndi nzeru pang'ono, koma yankho lache liri ndi nzeru yoposa. Kulera ana ako ndi chinthu china, kulera ana a eni ndi chinthu chinanso. M'dziko lija munthu wosunga ana a mabanja angapo ndi kulandirapo ndarama ayenera kukhala ndi chilolezo cha Boma, ndipo makolo asanasiye mwana wao afunsa kuti wosungayo adziwa chiani. Komanso ziripo zinthu zimene kubala kokha sikuphunzitsa. Mai aphunzira kuti mwana wa zaka ziwiri akhoza kuchita chiani, ndi wa zaka zinai chiani, kuti asamkalipire pa chimene msinkhu wache sunafike. Aphunzira kuzindikira msanga mwana amene sakumva bwino kapena wachedwa kulankhula. Aphunzira kuti kusewera ndi timiyala, kuumba dothi ndi kumvera nthano ndiwo maphunziro eni eni a kamwana, amene akonza mutu wache kuti udzalandire zilembo. Aphunzira kagawidwe ka zakudya, ndi kulemba m'buku zonse zolowa ndi zotuluka.

Taonani tsono chimene anachita mai ameneyu. Sanataye zimene anadziwa kale kuti akayambe zachilendo. Anatenga nchito imene manja ao anaizolowera, ndiyo kulera, naithira maphunziro pamwamba pache. Pamenepo nchito imene mai aliyense aigwira ulere inakhala ndi dzina ndi mtengo, nidyetsa banja. Ichi ndicho chinsinsi cha kuphunzira kwa munthu wamkuru. Mwana wa sukulu ayamba pa nthaka youma; wamkuru amanga pa maziko amene alipo kale.

Ndipo musaiwale za manyazi. Munthu amene anakhalapo mkazi wa nduna anasambitsa ndi kudyetsa ana a anthu osawadziwa, nakhala pa mpando wa sukulu ali mai wa ana ambiri. Akadayang'ana ulemu wa dzulo, ana ao akadagona ndi njala. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ana aja anakula. Mmodzi wa iwo, Masauko, amene anabadwira komweko, anakhala woimba wodziwika ku South Africa ndi kuno.

Kubwerera kwao

Zaka zinapita, ndipo ambiri anayesa kuti othawa aja sadzapondanso kwao. Koma pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Ambuye Aepiskopi athu inawerengedwa m'machalichi onse a Katolika, niichula poyera zosalungama za m'dziko. Pa 14 June 1993 anthu anabvota kuti afuna zipani zambiri, ndipo pambuyo pache Boma linalola onse amene anathawa kaamba ka ndale kuti abwere mwamtendere. Mai Chipembere anabwera atakhala kunja zaka pafupi makumi atatu.

Pa chisankho cha pa 17 May 1994 anaima m'boma la Mangochi, ndipo anthu anawasankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Pa aphungu 177 a chaka chimenecho amai anali 10 okha. Ndipo m'Boma la Bakili Muluzi anapatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna ya maphunziro. Unduna umene mwamuna wao anautula mu 1964, iwo anaulowa zitapita zaka makumi atatu.

Wina angati anawapatsa chifukwa cha dzina la mwamuna. Inde, dzinalo linatsegula khomo, sitikana. Koma dzina silikhala pa msonkhano, siliwerenga makalata a Boma, siliyankha mafunso m'Nyumba ya Malamulo. Zimenezo achita ndi munthu mwini. Akadakhala zaka zonse zija alikungolira ndi kukumbukira zakale, akadabwera ndi dzina lokha m'manja. Koma anabwera ndi maphunziro a za ana, ndi zaka zambiri za kugwira nchito pakati pa ana.

Ndipo dziko linalikufuna anthu otere, pakuti m'chaka chomwecho cha 1994 Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale. Ana a sukulu anachuluka mwadzidzidzi, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika ngati 3 miliyoni. Zipinda zinachepa, ana anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo Boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri amene sanapite ku sukulu ya uphunzitsi. Ambiri a iwo, amai ndi abambo omwe, anaphunzira uphunzitsiwo ali kale pa nchito, alikuphunzitsa ana ndi kuwerenga mabuku ao omwe. Ena mwa aphunzitsi amene anaphunzitsa ana anu anayamba motero. Nawonso ndi mboni kuti munthu akhoza kusenza nchito ndi maphunziro nthawi imodzi.

Mpando utatha

Mipando ya ndale siikhalitsa. Nthawi yao ya m'Boma itatha, Mai Chipembere sanabwerere ku America kukapuma kwa ana ao, koma anakhazikika kuno ku Mangochi. Zinali zaka zimene nthenda ya Edzi inalikutha makolo, ndi kusiya agogo ali ndi adzukulu odzaza khonde. Mai Chipembere anatsogolera bungwe la amai lochedwa Women's Initiative Network, limene linatsegula sukulu za mkaka za ana amasiye ndi kusonkhanitsa amai kuti aziluka zobvala zogulitsa.

Apa mpamene mbiriyi itikhudza koposa. Nzeru imene inaphunziridwa ku Los Angeles kuti idyetse ana asanu ndi awiri a mkazi wamasiye inadzatumikira ana amasiye a m'mbali mwa nyanja ino. Pamene analikuiphunzira sakadadziwa kuti idzagwira nchito kuno. Munthu sadziwa tsiku limene chinthu chimene aphunzira lero chidzafunika. Chifukwa chache achisunga, monga tisunga mbeu pa tsindwi mvula isanagwe.

"Koma ife ndife a usipa"

Tirikumva kale mai wina alikuti: "Iwo aja anali mkazi wa nduna, anadziwa Chingerezi, anakhala ku America kumene sukulu ziri pa khomo. Ine ndine wa usipa, mufanizira bwanji?" Zoona, simufanana m'zonse, ndipo ife sitinena kuti mai aliyense wa ku Lungwena adzakhala phungu. Koma mufanana m'chinthu chimodzi chachikuru: chimene chinawagwera iwo chikhoza kugwera mai aliyense. Mwamuna ali ngati bwato. Lero liripo, mawa mwera walitenga. Ena amira m'nyanja, ena adwala, ena apita ku Joni nakwatira komweko, ena akalamba nalephera kukoka khoka. Nyanja yomwe siikhulupirika monga kale. Asodzi a ku Malombe anaona chambo chao chikuchepa koopsa m'zaka za m'ma 1990, ndipo a kuno adandaula chimodzimodzi. Tsiku limenelo likafika, mai atsala ndi ana ache, manja ache, ndi zimene ziri m'mutu mwache.

Ndipo kuno kwathu m'mutu mwa amai ambiri munalowa nzeru zambiri za kumunda, za nsomba ndi za malonda, koma zilembo sizinalowe. M'zaka za 1995 ndi 1996 madokotala a ku College of Medicine ya ku Blantyre pamodzi ndi anzao a ku Tampere m'dziko la Finland analemba maina a amai apakati pafupi 800 a m'midzi yozungulira chipatala cha Lungwena, nawatsata iwo ndi ana ao kuti aone chimene chipha ana ndi kuwapinimbiritsa. Anapeza kuti ambiri ndithu a amai amenewo sanadziwe kuwerenga. Ambiri a iwo lero ndi agogo m'midzi mwathu muno, ndipo ana amene anayezedwa pa sikelo masiku aja ali ndi mabanja ao.

Kusadziwa kuwerenga kuli ndi mtengo wache, ndipo ulipiridwa tsiku ndi tsiku. Mai wosawerenga apereka foni yache kwa mnyamata wa pa msika kuti amuuze ndarama zimene mwamuna watumiza, ndipo akhulupirira chiri chonse chimene auzidwa. Sadziwa chimene namwino walemba m'buku la kusikelo, kapena tsiku lobweranso ndi mwana. Ku banki m'khonde adinda chala pa nambala imene sanaione. Wogula usipa wochokera ku Limbe awerengera zitini mofulumira, ndipo iye angobvomera. Mwamuna akamwalira, abale abwera kudzatenga maukonde, njinga ndi malata, ndipo iye sadziwa za lamulo la chuma cha masiye. Ai, tinene bwino lomwe kuti aliyense amve: lamulo la chaka cha 2011 liyesa kulanda chuma cha mkazi wamasiye ndi ana ache mlandu woti munthu alangidwe nao. Lamulo liripo, koma lithandiza amene alidziwa.

Makomo amene ali otsegula

Tsono mai wa kuno ayambire pati? Ayambire pamene anaimira.

Amene sanalowepo m'kalasi, kapena anaiwala zonse, ali ndi sukulu ya kwacha, imene Boma linaikhazika m'dziko lonse m'chaka cha 1986 chifukwa cha akuru. Kumeneko aphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, madzulo nchito za pakhomo zitachepa. Mai amene awerengera kale mtengo wa zitini makumi awiri za usipa m'mutu mwache sadzabvutika ndi masamu a pa pepala. Chimene chimsowa ndi zizindikiro zokha.

Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba adziwe kuti kuyambira chaka cha 1993 Boma lilola kuti abwerere mwana atabadwa. Makolo ambiri sadziwa ichi, kapena achita ngati sadziwa, nafulumira kumkwatitsa. Kumbukirani kuti kuyambira 2017 malamulo akuru a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mimba ndi kugwa, koma wogwa adzuka. Musamkwirire ali moyo.

Amene anafika ku sekondale nalephera mayeso, kapena ndarama zinatha, akhoza kulowa makalasi a masana amene sukulu zambiri za sekondale zitsegulira anthu a kunja, nalembanso mayeso. Nchito za ku chipatala, za uphunzitsi ndi za ulangizi zifunsa chikalata cha sukulu, ndipo nchomvetsa chisoni kuona malo a nchito a kuno kwathu alikutengedwa ndi ochokera kutali chifukwa ana a mudzi alibe pepala.

Ndipo amene ali kale pa nchito asayese kuti anamaliza. Namwino amene anaphunzira zaka makumi awiri zapitazo apeza lero mankhwala a malungo ena ndi malangizo ena. Mai wolera ana pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, amene agwira nchito yomwe ija ya Mai Chipembere, akamva kuti kuli maphunziro a olera ana asakane kupita poti palibe ndarama ya m'thumba. Wosoka aphunzire kudula kwatsopano. Wogulitsa nsomba aphunzire kulemba zolowa ndi zotuluka m'kabuku. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Mau kwa abambo ndi kwa akuru a mbumba

Inu abambo, tidziwa chimene ena a inu muopa. Muti mkazi akaphunzira adzakula mtima, adzakuyankhani, adzawerenga mauthenga a m'foni mwanu. Ngati m'foni mwanu muli zoopa kuwerengedwa, bvuto si sukulu ai. Koma taganizani za ana anu. Inu amene mumapita pa nyanja usiku ndi nyali, mudziwa bwino kuposa ife kuti si onse abwerako. Mukadzachoka, mufuna kusiya ana anu m'manja mwa mai wodziwa kuwerenga chikalata, kapena wodinda chala pa chiri chonse chimene amuonetsa? Mwamuna amene alola mkazi wache kupita ku sukulu ya kwacha, nayang'anira ana maora awiri, sanachepe ai. Wamangira ana ache nkhokwe yachiwiri.

Inu amalume ndi agogo, eni mbumba, mau anu ndiwo alemera pa mudzi. Mdzukulu wanu akafuna kubwerera ku sukulu ali ndi khanda, funso loyamba likhala lakuti mwanayo atsala ndi yani. Yankho liri m'manja mwanu. Gogo amene abereka mdzukulu kumbuyo m'mawa kuti mai wache akalembe mayeso achita nchito yaikuru yoposa imene aiganiza.

Ndipo inu amai anzathu a pa chitsime, lekani kuseka mnzanu amene wanyamula kope ndi pensulo. Kuseka kwanu ndiko kubweza ambiri panjira, koposa umphawi. Ngati simufuna kupita, mlekeni apite. Tsiku lina adzakuwerengerani kalata.

Chochita mwezi uno

Pempho lathu ndi laling'ono. Mwezi uno banja liri lonse likhale pansi madzulo amodzi, ndipo lifunse: m'nyumba muno ndani anasiya kuphunzira, ndipo anaimira pati? Mukampeza, funsani kwa amfumu kapena kwa mlangizi wa chitukuko kumene sukulu ya kwacha ikumana. Ngati m'mudzi mwanu mulibe, sonkhanani amai amene mufuna, Akristu ndi Asilamu pamodzi, mulembetse maina, ndipo mukapemphe kuti ikhazikidwe. Pempho la anthu ambiri limveka msanga koposa la mmodzi. Ngati ndi mtsikana wa khanda, pitani naye kwa mphunzitsi wamkuru teremu isanayambe. Ndipo mwana wa sukulu amene ali m'nyumbamo ayambe lero lomwe kuonetsa amai ache zilembo za dzina lao, ngakhale pa mchenga.

Mai Chipembere anataya nyumba, dziko, ulemu ndi mwamuna, chimodzi chimodzi, m'zaka khumi ndi chimodzi zokha. Chimene anaphunzira sichinalandidwe pa malire, sichinapse, ndipo chinabwera nao kwao kudzadyetsa ana a eni. Nkhokwe yotere mai aliyense akhoza kuimanga, ndipo nyengo yoimanga siipita.